Napolo Sazengedwa Mlandu: Mabwalo a Milandu ndi Ufulu wa Chitukuko kwa Nkhulambe

1.0 Chiyambi

Dera la Mfumu Nkhulambe lili m'boma la Phalombe, chakummawa kwa phiri la Mulanje, kufupi ndi malire a dziko lino ndi Mozambique. Munthu wochokera pa boma la Phalombe akafuna kudulira amadzera pa mpata wa Fort Lister, womwe uli pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi. Anthu ambiri m'derali ndi alimi a chimanga, nandolo ndi mbewu zina, ndipo amayankhula Chichewa ndi Chilomwe. Mapiri awiriwa ndiwo amawapatsa madzi akumwa, nkhuni, udzu wofolera ndi chinyezi cha m'madimba. Mapiri omwewo ndiwo adawagwetsera matope ndi miyala mu Malichi 2023, pomwe namondwe wa Freddy adawomba chigawo cha kummwera.

Nkhani ino ikufuna kuyankha funso limodzi. Kodi anthu ngati a kwa Nkhulambe angathe kupita ku bwalo la milandu kukakakamiza boma kuti likwaniritse udindo wake pa chitukuko ndi chilengedwe? Tiyamba ndi kuona zomwe zakhala zikuchitika m'derali ndi mawu omwe timagwiritsa ntchito pozikamba. Kenaka tiona zomwe malamulo a dziko lino akunena, zomwe mabwalo adagamulapo kale, ndi zopinga zomwe munthu wa kumudzi angakumane nazo. Mfundo ya nkhani yonse ndi yakuti bwalo silingaletse mvula ndipo silingaumbe njerwa zomangira chipatala, koma lili ndi mphamvu yoitana boma kuti lidzafotokoze zomwe lidachita ndi zomwe lidalephera kuchita. Mphamvu imeneyi ndi yaikulu kuposa momwe ambiri amaganizira.

2.0 Madzi saiwala khwawa

Ngozi ya 2023 siidali yoyamba. Mu Malichi 1991, Phalombe akadali mbali ya boma la Mulanje, madzi, matope ndi miyala zidatsika m'phiri la Michesi ndi kukokolola midzi, minda, milatho ndi malo ochitirako malonda. Anthu mazanamazana adafa. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo loyamba loona za ngozi zoterezi. Lamulolo lidatsamira kwambiri pa kalandiridwe ndi kagawidwe ka thandizo ngozi ikachitika, ndipo za kupewa lidangozilambalala.

M'zaka zotsatira madzi adabwerabwerabe. Boma la Phalombe lidali limodzi mwa maboma omwe adakhudzidwa ndi madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu 2019, ndinso anamondwe a Ana ndi Gombe mu 2022. Mu 2015 boma lidakhazikitsa ndondomeko yatsopano yochepetsera chiopsezo cha ngozi, koma lamulo loti lipereke mano ku ndondomekoyo lidakhala zaka zambiri lisadakambidwe ndi aphungu.

Patatha zaka 32 chichitikire ngozi ya ku Michesi, m'mwezi womwewo wa Malichi, Freddy adafika. Malo oyezera mvula a kwa Nkhulambe adalemba mamilimita oposa 1,000 m'masiku anayi okha, mvula yoposa yomwe madera ambiri a dziko lino amalandira chaka chathunthu. Nthaka ya m'mapiri idakhuta madzi n'kugumuka. Nyumba zidakwiririka, minda idasanduka mchenga ndi miyala, chipatala chaching'ono cha Nkhulambe chidawonongeka, ndipo misewu ndi milatho zitaduka, galimoto sizinkafika m'derali kwa masiku angapo. Pa 13 Malichi mtsogoleri wa dziko lino pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, adalengeza kuti chigawo cha kummwera chili pa ngozi. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa, oposa 650,000 adathawa m'nyumba zawo, ndipo kafukufuku wa boma adapeza kuti katundu ndi chuma chomwe chidawonongeka chidaposa madola 500 miliyoni a ku America.

Mu Epulo 2023, patangotha mwezi umodzi, aphungu adavomereza lamulo latsopano lomwe likutsindika za kupewa ndi kuchepetsa chiopsezo ngozi isadachitike. Apa pali chinthu choyenera kuchiona bwino. Malamulo onse awiri, la 1991 ndi la 2023, adapangidwa manda atakumbidwa kale. Pakati pa malamulo awiriwa padadutsa zaka 32 zomwe boma linkadziwa kuti midzi ya m'tsinde mwa mapiri a Mulanje ndi Michesi ili pangozi. Zaka zimenezi ndizo zikupangitsa kuti nkhani ya kwa Nkhulambe ikhale yoyenera kumveka ku bwalo la milandu.

3.0 Mawu omwe timagwiritsa ntchito

Tisadafike ku malamulo, ndi bwino tione kaye chiyankhulo chathu, pakuti momwe timatchulira chinthu ndi momwenso timachiganizira. Phiri likagumuka anthu amati kwadutsa Napolo, chinjoka chachikulu chomwe amati chimakhala pansi pa phiri ndipo chikamasamuka chimakokolola zonse za m'njira yake. Dzinali lidamveka kwambiri pa ngozi ya ku Zomba ya mu 1946 ndipo lidamvekanso ku Phalombe mu 1991. Chikhulupiriro chimenechi sichoyenera kuchinyoza. Chimasunga mbiri ya malo, popeza akuluakulu akanena kuti apa ndi panjira ya Napolo amakhala akuchenjeza ana kuti asamangepo nyumba. Komabe m'chiganizo chakuti Napolo wapha anthu, mchitantchito ndi Napolo. Palibe mfumu yomwe ingamuitanire ku bwalo, ndipo nkhani imathera pa maliro.

Mawu a boma nawonso ali ndi vuto lomwelo. Timati ngozi zogwa mwadzidzidzi, ngati kuti palibe yemwe akadadziwa. Koma chinthu chomwe chachitika mu 1991, 2015, 2019, 2022 ndi 2023 m'boma limodzi sichingatchedwenso chadzidzidzi. Chimanga ndi malata zikafika timati ndi thandizo, operekawo ndi akufuna kwabwino, ndipo olandirawo ndi opindula. Msewu ukamangidwa timati bwana wakutiwakuti watibweretsera chitukuko. Mawu onsewa amamuika munthu wa kumudzi pa malo a wopempha, ndipo wopempha sadandaula kuchepa kwa ndiwo. Malamulo oyendetsera dziko lino amagwiritsa ntchito mawu ena, omwe ndi ufulu ndi udindo. Pomwe pali ufulu pali mwini wake, ndipo pomwe pali udindo pali woyenera kuyankha.

4.0 Zomwe malamulo akunena

Mawu akuti chitukuko chokhazikika adatchuka mu 1987, pomwe komiti ya bungwe la United Nations yotsogoleredwa ndi mayi Gro Harlem Brundtland a ku Norway idatulutsa lipoti lake. Tanthauzo lake ndi chitukuko chomwe chimakwaniritsa zosowa za anthu a lero popanda kulanda mwayi wa mibadwo ya mtsogolo. Mlimi aliyense amalidziwa kale phunziro limeneli: njala ikule bwanji, chimanga cha mbewu sichipita kuchigayo.

Malamulo oyendetsera dziko lino a 1994 adatenga mfundo imeneyi. Gawo 13 limalamula boma kusamalira chilengedwe moyenera pofuna kupewa kuwonongeka kwake, kupatsa anthu malo abwino okhalamo ndi ogwiriramo ntchito, ndinso kulemekeza ufulu wa mibadwo ya mtsogolo. Koma gawo 14 limanena kuti mfundo za m'gawo 13 ndi zongotsogolera boma, ngakhale kuti mabwalo ali ndi ufulu wozilingalira pomasulira malamulo ndi poweruza ngati zomwe boma lachita zili zovomerezeka. Kotero gawo 13 palokha ndi lofooka. Munthu sangadalire ilo lokha pokasuma.

Mphamvu yeniyeni ili m'gawo 30, lomwe lili m'mutu wa maufulu achibadwidwe. Gawoli limati anthu onse ali ndi ufulu wa chitukuko, ndipo amayi, ana ndi anthu aulumali ayenera kuganiziridwa mwapadera. Limapitiriza kunena kuti boma lichite zonse zofunika kuti aliyense akhale ndi mwayi wofanana wopeza maphunziro, chithandizo cha kuchipatala, chakudya, pokhala, ntchito ndi zinthu monga misewu. Ndime yomaliza ya gawoli ndiyo yofunika koposa pa nkhani yathu. Imati boma lili ndi udindo wolemekeza ufulu wa chitukuko ndi kupereka zifukwa zomveka za ndondomeko zake mogwirizana ndi udindowo. Ndi maiko ochepa pa dziko lapansi omwe adalemba ufulu wa chitukuko momveka chonchi m'malamulo awo aakulu. Izi zikugwirizana ndi gawo 12, lomwe limati olamula amangosungira anthu mphamvu, ndipo amapitiriza kulamula pokhapokha anthuwo akuwakhulupirira chifukwa cha ulamuliro wochitira zinthu poyera.

Malamulowa adatsegulanso khomo la ku bwalo. Gawo 15 limalola munthu kapena gulu lomwe nkhani ikulikhudza mokwanira kupempha thandizo kwa mabwalo, kwa Ombudsman ndi ku bungwe loona za ufulu wachibadwidwe. Gawo 46 limapatsa bwalo mphamvu yolamula chilichonse choyenera pofuna kuteteza ufulu, kuphatikizapo chipepeso. Gawo 108 limapatsa Bwalo Lalikulu mphamvu younika lamulo lililonse ndi chiganizo chilichonse cha boma. Kuonjezera apo, lamulo loona za kasamalidwe ka chilengedwe la 2017 limanena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala pa malo aukhondo ndi osaopseza moyo, ndipo limalola munthu kukasuma pofuna kuteteza ufuluwu ngakhale iye mwini asadapwetekedwe. Papepala, tsono, munthu wa kwa Nkhulambe ali ndi zida zokwanira.

5.0 Kodi mabwalo athu adalamulapo boma?

Ena amati nkhani za chitukuko ndi za ndale ndipo oweruza sayenera kulowererapo, popeza sadasankhidwe ndi anthu ndiponso sagwira thumba la boma. Mfundoyi ili ndi nzeru zake, koma mabwalo a dziko lino adaonetsa kale kuti siimaliza nkhani. Tione milandu inayi.

Woyamba ndi mlandu wa a Gable Masangano, mkaidi yemwe adasuma m'malo mwa akaidi onse chifukwa cha kuthithikana, njala ndi kusowa mpweya wabwino m'ndende. Maloya a boma adati nkhaniyo ndi ya kagawidwe ka chuma ndipo boma lilibe ndalama. Mu 2009 oweruza atatu a Bwalo Lalikulu adakana mfundo imeneyi. Iwo adati kusowa kwa ndalama si chifukwa chophwanyira ufulu womwe malamulo adapereka, ndipo adapatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse kuthithikanako ndi theka. Chigamulochi chidatseka pakamwa onse onena kuti mabwalo sangakhudze nkhani zofuna ndalama.

Wachiwiri ndi mlandu wa mathalakitala. Boma lidatenga ngongole ya madola 50 miliyoni ku India, ndipo mwa zina lidagula mathalakitala ndi makina otongolera chimanga oti athandize alimi ang'onoang'ono. Zambiri mwa zipangizozo zidagulitsidwa motchipa kwa andale ndi akuluakulu ena. Mu 2016 Ombudsman wa nthawiyo, mayi Martha Chizuma, adatulutsa lipoti lodzudzula mchitidwewu ndi kulamula kuti akuluakulu okhudzidwa apepese kwa Amalawi. Boma lidatsutsa lipotilo ku bwalo, koma mu 2019 Bwalo la Apilo lidagwirizana ndi Ombudsman. Mu 2020 akuluakulu awiri a boma adapezeka olakwa pa mlandu wonyoza bwalo chifukwa chozengereza kutsatira chigamulo. Ngongole ija adzabweza ndi ana omwe sadaone ngakhale tayala la thalakitala, ndipo apa ndi pomwe nkhani ya mibadwo ya mtsogolo imaonekera poyera.

Wachitatu ndi wa mu 2020, nthawi ya mliri wa Covid-19. Boma lidalengeza kuti anthu abindikire m'nyumba kwa masiku 21, osanena kuti ogulitsa mandasi, akabaza ndi aganyu adzadya chiyani. Mu Epulo Bwalo Lalikulu lidapereka chiletso, ndipo mu Sepitembala oweruza atatu adagamula kuti malamulo a m'bindikirowo adali osemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Phunziro lake ndi lakuti ngakhale pa nthawi ya ngozi boma liyenera kuonetsa kuti laganizira anthu osauka. Phunziro limeneli ndi lofunika pomwe boma likuuza anthu kuti asamuke m'tsinde mwa phiri.

Wachinayi ndi wa mapulasitiki opyapyala, omwe boma lidawaletsa mu 2015. Makampani opanga mapulasitikiwo adathamangira ku bwalo kukatenga chiletso. Mu Julaye 2019 Bwalo la Apilo lidagamula mokomera boma, koma makampani ena adapitiriza kutenga ziletso zatsopano kwa zaka zingapo, mapulasitiki akudzaza m'mitsinje ndi m'ngalande. Mlanduwu ukutikumbutsa kuti bwalo ndi mpeni wakuthwa konsekonse. Yemwe ali ndi ndalama zolipirira maloya angathe kuligwiritsa ntchito pochedwetsa zabwino.

6.0 Zomwe zidachitika kumaiko ena

Gawo 11 la malamulo athu limalola oweruza kulingalira malamulo a pakati pa maiko ndi zigamulo za kunja zofanana ndi nkhani yomwe ili pamaso pawo. N'chifukwa chake milandu iwiri yotsatirayi ili yofunika kwa ife.

Mu Julaye 2000 matope adatsika m'phiri ndi kukwirira mbali ya tauni ya Tyrnauz ku Russia. Tauniyo idali yodziwika kuyambira kale kuti imagwa m'ngozi zotere. Akatswiri adachenjeza akuluakulu a boma chaka chimodzi ngoziyo isadachitike kuti khoma lotchinga matope lawonongeka ndipo pakufunika alonda oti azichenjeza anthu, koma palibe chidachitika. Mayi Budayeva, omwe amuna awo adafa pa ngoziyo, adasuma pamodzi ndi anzawo. Mu 2008 bwalo la ku Ulaya loona za ufulu wachibadwidwe lidagamula kuti dziko la Russia lidaphwanya ufulu wokhala ndi moyo. Bwalolo silidanene kuti boma ndilo lidagumula phiri. Lidati boma linkadziwa za chiopsezo, lidachenjezedwa, koma silidakonze khoma, silidaike alonda ndipo silidafufuze bwino imfa za anthuwo. Gawo 16 la malamulo athu limatetezanso ufulu wokhala ndi moyo, choncho maganizo amenewa angathe kumveka m'bwalo la ku Blantyre.

Mlandu wina ndi wa mayi Irene Grootboom a ku South Africa, omwe adasuma pamodzi ndi anzawo osowa pokhala. Mu 2000 bwalo loona za malamulo oyendetsera dzikolo lidagamula kuti ndondomeko ya boma ya nyumba idali yoperewera chifukwa siidaganizire anthu omwe ali pa mavuto adzaoneni. Chigamulochi chidasintha ndondomeko za dzikolo ndipo chimaphunzitsidwa m'masukulu a zamalamulo m'maiko ambiri. Koma mayi Grootboom adamwalira mu 2008 akukhalabe m'chisakasa. Kupambana mlandu ndi kulandira nyumba ndi zinthu ziwiri zosiyana.

7.0 Mafunso omwe boma lingafunsidwe

Anthu a kwa Nkhulambe atafuna kukasuma, nzeru ingakhale kupewa kunena kuti boma lidabweretsa namondwe, chifukwa mlandu wotero ungagwe tsiku loyamba. Mafunso amphamvu ndi okhudza udindo. Chichitikire ngozi ya 1991, kodi boma lidayeza ndi kulemba malo oopsa m'tsinde mwa mapiriwa, ndipo lidawauza anthu? Kodi zipatala, sukulu ndi milatho zidamangidwa pa malo ndi mwa njira yoganizira chiopsezocho? Nthambi yoona za nyengo idachenjezadi za Freddy masiku angapo asadafike, koma kodi anthu adauzidwa kothawira, ndipo malo othawirakowo adalipo? Phiri la Mulanje lidakhala nkhalango yotetezedwa kuyambira mu 1927, ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO lidaliika m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse. Nanga boma lidachita zotani poletsa kudula mitengo ndi kuotcha makala m'nkhalangomo? Ndalama ndi katundu zomwe zidaperekedwa pambuyo pa ngozi zidayenda bwanji? Ngati anthu ayenera kusamuka, m'boma la anthu oposa 400,000 momwe malo ndi ochepa kale, kodi akalima kuti?

Boma nalo lili ndi mayankho oyenera kumvedwa. Lingathe kunena kuti mvula ya mamilimita 1,000 ikadagumula phiri ngakhale likadakhala ndi mitengo yake yonse, kuti ena mwa odula mitengo ndi anthu a m'midzi yomweyo, kuti ena adachenjezedwa koma adakana kusiya minda ndi manda a makolo awo, ndiponso kuti kusintha kwa nyengo kudayamba ndi utsi wa maiko olemera. Zina mwa mfundozi ndi zoona. Koma ubwino wa bwalo ndi wakuti mayankhowa amaperekedwa molumbira, ndi zikalata, pamaso pa woweruza yemwe angathe kufunsanso. Pa msonkhano wa ndale nduna imayankhula n'kukwera galimoto. M'bwalo imayenera kudikira funso lachiwiri. Izi ndizo gawo 30 likutanthauza ponena kuti boma lipereke zifukwa za ndondomeko zake.

8.0 Zopinga

Chopinga choyamba ndi mtunda ndi ndalama. Nkhani zomasulira malamulo oyendetsera dziko zimamvedwa ndi Bwalo Lalikulu, ndipo kwa munthu wa ku Phalombe izi zikutanthauza ulendo wa ku Blantyre kapena ku Zomba. Mayi yemwe munda wake udakwiririka ndi miyala sangapeze ndalama ya basi yopita ndi kubwera kangapo, nanji yolipira loya. Bungwe la boma lothandiza anthu osauka pa milandu lilipo, koma maloya ake ndi ochepa poyerekeza ndi milandu yomwe ili m'manja mwawo.

Chachiwiri ndi nthawi. Makolo adati mlandu suola, ndipo pa bwalo la mfumu ndi momwemo. Koma ku Bwalo Lalikulu, munthu wofuna kuti chiganizo cha boma chiunikidwe amayenera kukasuma pasadathe miyezi itatu, pokhapokha woweruza ataona chifukwa chomveka chomuonjezera nthawi. Miyezi itatu yoyamba pambuyo pa ngozi ndi yomwe anthu amakhala m'misasa, akulira maliro ndi kufunafuna chakudya. Mlandu ukalowanso m'bwalo umatha zaka.

Chachitatu ndi chiyankhulo, ndipo ichi chikutikhudza ife ophunzira ziyankhulo. Malamulo a dziko lino amalembedwa m'Chingerezi, zikalata za ku bwalo ndi za m'Chingerezi, ndipo chigamulo chimawerengedwa m'Chingerezi. Womasulira amakhalapo, koma mwini nkhani amamva mlandu wake womwe kudzera m'kamwa mwa wina. Gawo 26 limapatsa munthu aliyense ufulu wogwiritsa ntchito chiyankhulo chomwe wafuna, komabe ndi anthu angati kwa Nkhulambe omwe adamvapo gawo 30 likuwerengedwa m'Chichewa kapena m'Chilomwe? Munthu sangamenyere ufulu womwe sadaumvepo dzina lake.

Chachinayi ndi kusatsatira zigamulo. Patapita zaka zambiri chigamulireni mlandu wa a Masangano, ndende za dziko lino zidapitirira kusunga akaidi oposa mlingo wake. Woweruza alibe asilikali kapena thumba la ndalama. Chigamulo chimagwira ntchito pokhapokha pali anthu, atolankhani, mipingo ndi mabungwe omwe akuchilondola osatopa, monga zidakhalira pa nkhani ya mathalakitala.

Zopingazi zili ndi njira zozichepetsera. Mutu umodzi susenza denga, choncho midzi ingathe kusuma ngati gulu mothandizidwa ndi mabungwe omenyera ufulu. Kudandaula kwa Ombudsman ndi ku bungwe loona za ufulu wachibadwidwe n'kwaulere ndipo sikufuna loya. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga wa m'maofesi a boma, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020, limalola nzika iliyonse kulembera khonsolo kapena nthambi ya DoDMA kufunsa momwe ndalama zidayendera. Makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'dera angathe kusunga makalata, maina a malo ndi masiku omwe adadandaula, pakuti bwalo limayendera umboni. Nafenso tili ndi gawo lathu, lomwe ndi kumasulira malamulowa m'Chichewa chomveka ndi m'Chilomwe, kuti azikambidwa pa wailesi za m'madera, m'matchalitchi, m'mizikiti ndi pa mabwalo a mafumu.

9.0 Mawu otsiriza

Nkhani ino yaonetsa kuti ngozi ya kwa Nkhulambe idali ndi mbiri yoyambira mu 1991, ndipo kuti mawu monga Napolo, mwadzidzidzi ndi thandizo amabisa funso la udindo. Taona kuti magawo 12, 13, 15, 30 ndi 46 a malamulo oyendetsera dziko lino, pamodzi ndi lamulo la zachilengedwe la 2017, amapatsa nzika njira yopitira ku bwalo. Taonanso kuti mabwalo athu adakanapo kale mfundo yakuti kusowa ndalama kumamasula boma ku udindo wake, ngakhale kuti zigamulo zina zidathera m'mafaelo.

Bwalo la milandu si mankhwala a mavuto onse a kwa Nkhulambe. Mitengo adzadzala ndi anthu, ndalama adzagawa ndi aphungu, ndipo milatho adzamanga ndi amisiri. Ntchito ya bwalo ndi kuonetsetsa kuti yemwe adapatsidwa udindo akuyankha kwa eni ake mphamvu. Akatswiri a zanyengo akuchenjeza kuti anamondwe amphamvu achulukirachulukira pomwe dziko likutentha, ndipo midzi ya m'tsinde mwa Mulanje ndi Michesi ikadali pomwepo. Lamulo la 2023 lidalonjeza kuti boma lizichitapo kanthu ngozi isadagwe. Anthu a kwa Nkhulambe ali ndi ufulu wofunsa, mvula ina isadayambe, kuti lonjezo limeneli lafika pati, ndipo akapanda kuyankhidwa ali ndi ufulu wokafunsira funso lomwelo pamaso pa woweruza.